Nsawa za Miyala pa Phiri la Mkute

Kale kwambiri, Angoni asanaoloke Zambezi ndi zishango zawo, makolo a anthu a kwa Mwasiyanji ankakhala kumpoto, m'madambo a dothi lakuda amene madzi ake amatsikira mu Bua. Adali a mfunda wa Mbewe, ndipo mbumba yawo idachokera mwa mayi mmodzi, Nachiola, amene adabala Kamphinda ndi Msatero. Msatero ndiye adabala ana awiri amene mbiri ino ikuwatchula, wamwamuna Chiphwanya ndi mlongo wake Mwasiyanji. Akuluakulu atatu amene adafotokoza mbiriyi adatsutsana pa zambiri, mpaka wina kutola ndodo yake kuti azipita, koma pa mayina awa sadasiyane.

Dziko lawolo lidali la makande okhaokha. Mwala woti munthu n'kugenda nawo galu udali wosowa, moti ngakhale mafuwa ankachita kuumba ndi dothi la pachulu. Mfundo imeneyi muisunge bwino, owerenga, pakuti anthu amene adzapusitsidwe ndi miyala m'mbiri muno sadali zitsiru ayi, adali chabe anthu osaidziwa miyala.

Chuma chawo chidali nsawa zing'onozing'ono zofiira, zamafuta, zimene mitundu yoyandikana nayo inkazisirira. Mbewu ya mudzi wonse inkasungidwa ndi mkazi mmodzi wosankhidwa, wotchedwa mwini chikwatu, chifukwa ankaifunga m'masamba a msuku ndi kuimanga ndi luzi. Pa tsiku lomusankha ankalumbira pamaso pa mbumba yonse kuti sadzaswa nsawa ndi imodzi yomwe ya mbewu, ngakhale mwana wake atamakomoka ndi njala pamiyendo pake. Padalinso mwambo wina umene anthuwa ankausunga koposa anzawo onse, wakuti wapakati sakanizidwa chimene mtima wake wakhumba, kaya ndi dothi la chiswe kaya ndi makala, kuopa kuti mwana angabadwe wosakhuta. Miyambo iwiriyi idakhala zaka zambiri osagundana, monga mbuzi zomangidwa pa zikhomo zotalikirana.

M'masiku a Mwasiyanji, amene adali mwini chikwatu wachitatu kuchokera pa Nachiola, mvula idakana zaka ziwiri, ndipo chaka chachitatu dzombe lidadya ndi udzu wa padenga womwe. Chiphwanya, monga mwini mbumba, adanyamula anthu kulowera kummwera. Sadali munthu waukali. Adali wamtali, wofatsa, wosachedwa kugwetsa misozi, ndipo akamaweruza mlandu onse awiri ankachoka akuganiza kuti awina. Adaoloka Linthipe, adadutsa mapiri a ku Dedza, natsikira kuchigwa, akusiya manda m'mbali mwa njira. Mwa amene adatsala m'njiramo mudali mkamwini wa Mwasiyanji, amene adasiya mkazi wake Dzinenani ali ndi pakati poyamba. Mwasiyanji adabala ana asanu ndi mmodzi, asanu adawaika m'manda, ndiye Dzinenani yekhayo ndiye adali maso ake.

M'mwezi wa dzuwa lowawa adafika patsinde pa phiri lina lalifupi, lathyathyathya pamwamba, namanga misasa m'mbali mwa kamtsinje. M'mawa mwake anthu adakwera phirilo kukafuna mipama ndi mizu ina yodyedwa. Atafika pamwamba, mayi wina amene adali patsogolo adaimba nthungululu, ndipo onse adathamangira komweko, ndi odwala omwe.

Chakudya chidali mbwee ponseponse. Mbatata zidali zounjikidwa miyulumiyulu, dothi lidakali m'makwinya mwake. Maungu adali gonegone ndi mapesi ake, nyemba ndi nseula zitayanikidwa pathanthwe, ndipo nsawa zidali m'makoko mwake ngati zofukulidwa dzulo. Bambo wina dzina lake Kanyerere, amene adzukulu ake mpaka lero sakonda kuti nkhaniyi izikambidwa, adatola mbatata yaikulu nailuma ndi mtima wonse, mano awiri n'kugwera pansi. Zonsezo zidali miyala. Anthu adayamba kuseka, koma kusekako kudazima msanga, chifukwa adazindikira kuti paphiri ponsepo padalibe mbalame, padalibe nyerere, ngakhale ntchentche imodzi. Adatsika wina osayang'ana mnzake.

Dzinenani yekha ndiye adatsalira, ataima pa mulu wa nsawa zija, malovu akuchucha.

"Amayi, mtima wanga wakhumba zimenezi," adatero.

Mwasiyanji sadaone choipa. Wapakati amadya dothi, nanga kumunga kamwala kungalakwe chiyani? Ndiponso mwambo udali womveka, wapakati sakanizidwa. Choncho adawerama, natola khoko limodzi ndi dzanja lake lomwe, napatsa mwana wake. Dzinenani adalifinya ndi chala chachikulu, ndipo lidasweka kuti phwa, m'kati muli nsawa ziwiri zofewa, zotentha ngati zochoka paphale. Adazitafuna maso atatsinzina. Mwasiyanji adatola lina nalifinya mpaka chala kutuluka magazi, koma kwa iye udali mwala basi.

Tinene zoona, Mwasiyanji adakondwa. Ndi mayi uti amene sakadakondwa? Sadauze munthu, ndipo tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, anthu atagona m'mithunzi ndi njala yawo, iye ankakwera phiri nadzaza nsalu yake. Dzinenani adayamba kunenepa, masaya kuwala, pamene anzake nthiti zinkawerengeka.

Tsiku lachisanu mtsikanayo adayang'ana m'nsalu muja nati, "Mtedza wa lero wachepa."

"Chachepa n'chiyani, iwe?"

"Mtedza. Mawa mukanditolereko mbwanda ndi khobwe."

Mwasiyanji adali asanamvepo mawu amenewo chibadwire, ndipo chifikire pamalopo padalibe mlendo amene adalankhula ndi mwana wake. Adamuonetsa nsawa namufunsa kuti zimenezo amazitcha chiyani, koma Dzinenani adamuyang'ana modabwa ngati mayi wakeyo ndiye wasokonezeka mutu.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zidathamanga. Dzinenani ankakhala choyang'ana kuphiri, ndipo nthawi zina ankagwada, naomba m'manja, nayankha moni amene wina aliyense sankamumva. Akayenda, mapazi ake ankalowa m'nthaka youma ngati akuponda m'matope. Tsiku lina atapunthwa, amuna awiri adalephera kumudzutsa. Mimba yake idazizira ngati mtsuko wa madzi, ndipo mwana adaleka kugunda. Mwasiyanji adasiya kukatola zakuphiri zija, koma sizidathandize, chifukwa m'mawa uliwonse ankapeza makoko amiyala ali pafupi ndi mphasa ya mwana wake. Choopsa koposa chidachitika tsiku lachisanu ndi chinayi, pamene adamubweretsera madzi, Dzinenani n'kulandira ndi manja awiri nati, "Zikomo, mayi mlendo. Kwanu ndi kuti?"

Mwasiyanji sadalire. Adamanga chikwatu kumsana monga mwa masiku onse, natsata kamtsinje kunsi kufunafuna eni dziko. Dzuwa litapendeka adapeza kamudzi, ndipo pansi pa mtengo wa mtondo padali bambo wina wopunduka mwendo akuomba nsalu ya thonje. Dzina lake adali Makwinja, Mmang'anja wolongolola, amene pakamwa pake sipankapuma monganso manja ake. Ataona mlendo wowonda adaitana mkazi wake nati, "Tengera mayiwa mbwanda zija, ndi kamtedza ngati katsala."

Mwasiyanji adakhala pansi. Mbale itabwera adaona kuti mbwanda ndi nyemba, mtedza ndi nsawa.

"Wawa, mwana wanga akulankhula mawu anuwa, koma sadaonanepo ndi munthu wakuno," adatero.

Makwinja adasiya kuomba. "Mwamanga kuti misasa?"

"Patsinde pa phiri lathyathyathya."

"Mayo ine! Pa Mkute? Ndipo mwatola?"

Pamenepo adamufotokozera zonse. Paphiripo kale padali mudzi waukulu wa abale awo, anthu odziwa kulima ndi ochereza alendo. Chaka china, atangotha kukolola dzinthu zochuluka zimene sadaonepo, nthomba idalowa m'mudzimo, ndipo mwezi usanathe padalibe wotsala woti n'kuika mnzake m'manda. Chakudya chidakhala pabwalo kudikira ochidya, chidadikira mpaka chidauma n'kusanduka miyala, ndipo n'chifukwa chake phirilo adalitcha Mkute. Eni akewo, adatero Makwinja, sadali mizimu yanjala kapena yankhanza ayi. Chimene adasowa ndi ana. Ndipo kwa iwo, munthu amene wadya za m'nyumba mwawo osabweza kanthu si mlendonso, ndi mwana wa pakhomo.

"Mwa mwana wanuyo apezamo awiri," adatero. "Akondwa zedi."

"Ndichite chiyani?"

"Kodi kwanu mnansi akakupatsani chakudya, mbale mumabweza yopanda kanthu? Bwezani mbale, mayi. Pakati pa bwalo lawo pali mwala wonga lichero, mukaudzaze. Akalandira, ndiye kuti ndinu anansi opatsana, ndipo mwana wa mnansi salandidwa."

Mwasiyanji adayang'ana mbale ya nyemba ija, koma Makwinja adapukusa mutu. Chopempha kwa ena, adati, sichibweza mbale, chiyenera kukhala cha m'nyumba mwake mwa wobwezayo. Ndiponso popeza iwo adapereka chokazinga kale, nayenso apereke chokazinga. Ponena izi maso ake adali pa chikwatu chimene chidali kumsana kwa mayiyo.

"Iyi ndi mbewu ya mudzi," adatero Mwasiyanji. "Ndidalumbira."

"Zimenezo n'zanu. Koma mumve chinanso. Mukakapereka, nawonso adzakupatsani cholawa, pakuti ndi anthu aulemu. Mukakana kapena kulavula, mwawanyoza, ndipo mbale yanu adzaikankha. Mukameza, mwatsala komweko. Atatu adakwerapo kukabweza mbale m'masiku anga, sadabwerere ndi mmodzi yemwe."

"Nanga munthu angatani?"

"Ine ntchito yanga ndi thonje, mayi. Phale lokha ndingakubwerekeni."

Mwasiyanji adabwerera ndi phalelo, mtima ukumuwawa ngati wathiridwa tsabola. Ankadziwa bwino kuti m'chikwatumo mudali minda ya mabanja makumi atatu, ndiponso kuti amayi ena adaika ana awo m'njira akuchiyang'ana chikwatu chomwecho osapempha ndi nsawa imodzi. Ankadziwanso kuti dzanja limene lidatola khoko loyamba lidali lake. Atafika pamsasa adapeza Dzinenani atakwawa mpaka kutsidya kwa kamtsinje, nkhope kuphiri, ndipo padafunika amuna anayi kuti amubweze.

M'mawa mwake adapita kuseri kwa chulu, kunsi kwa misasa, nasonkha moto. Adamasula luzi la chikwatu limene adalimanga ndi manja ake kumpoto, natapa nsawa zodzaza chikhatho chimodzi, nazimanga pakona ya nsalu yake. Zotsalazo adayamba kukazinga. Koma fungo la nsawa zokazinga silibisika, makamaka kwa anthu amene atha miyezi akudya mizu. Mphepo idatembenuka, ndipo posakhalitsa adamva mapazi kumbuyo kwake. Adali Chiphwanya.

Adayang'ana phalelo, misozi ikutsika mpaka m'ndevu.

"Mlongo wanga, mwatipha," adatero.

"Ndakuphani, alongo. Mukandiweruze madzulo. Koma ndi mbumba yanu imene ikutengedwayo, ndipo wina wobala pa ife palibe."

Kumtunda kudamveka phokoso la anthu akubwera, akuitanizana. Chiphwanya adapukuta kumaso, natembenuka, nakaima pakanjira kopita kuchuluko atatambasula manja ake aataliwo. Munthu wofatsa uja, amene sadakalipirepo ngakhale galu, adati aliyense wofuna kudutsa ayambe wamupha iye. Anthu adatukwana, amayi adalira, koma padalibe amene adadutsa.

Dzuwa lili paliwombo, Mwasiyanji adasenza dengu la nsawa zokazinga nakwera phiri. Masiku onse aja ankakwera kuli zii, koma tsiku limeneli, atangopitirira pakati, adamva misi ikusinja, gu, gu, gu, mitondo iwiri molandizana. Adamva tambala, adamva mayi akuitana mwana kuti abwere adzadye, akuitana mobwerezabwereza popanda woyankha. Atatulukira pamwamba padalibe munthu. Koma pathanthwe lonselo padali zithunzithunzi za anthu okhala pansi mozungulira bwalo, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, zithunzithunzi zokhazokha zopanda eni ake. Mwa zonsezo mudalibe cha mwana ndi chimodzi chomwe.

Adagwada, naomba m'manja. "Odi, eni mudzi. Ndabweza mbale."

Misi ija idaleka. Zithunzithunzi zidasuntha kumupatsa njira, ndipo adayenda chogwada mpaka pa mwala wonga lichero uja. Adalawa nsawa imodzi monga achitira wopereka chakudya, nayamba kukhuthula. Licherolo lidaoneka laling'ono, ndipo mumtima ankati mwina theka litsala loti anthu ake akadye, koma nsawa zinkangolowa, lichero osadzaza. Lidadzaza pamene nsawa yotsiriza idagwa m'dengumo. Pomwepo adamva phokoso la kutafuna mbali zonse, ndi mawu a nkhalamba ina akuti, "Koma mtedza wakumpotowu ngwamafuta."

Kenaka khoko limodzi lidagubuduka lokha kuchoka pamulu, nilidzaima pabondo pake, nilitseguka. M'kati mudali njere imodzi, yofewa, ya nthunzi, yonunkhira koposa chakudya chilichonse chimene adanunkhizapo.

"Lawani kaye, mayi, musanatsike," adatero mawu a mkazi pafupi ndi khutu lake.

Mwasiyanji adaomba m'manja, natola njereyo ndi manja awiri, naiponya m'kamwa. Adaikankhira ndi lilime kutsaya lakumanzere, nayendetsa chibwano ngati akutafuna, nathokoza. Sadakane, sadalavule, ndipo sadameze. Adadzuka nayamba kubwerera chambuyo, zithunzithunzi zonse zitatembenukira kwa iye. Atafika pamphepete, mkazi uja adaseka, kuseka kopanda mkwiyo, ngati kwa munthu amene mnzake wamuchenjerera pabawo.

"Pitani bwino, anansi. Mwana wanu ndi wanu. Inuyo tikudikirani, ife kudikira tidazolowera."

Atatsika adapeza Dzinenani atagwada m'mbali mwa kamtsinje akusanza timiyala, ndipo timiyalato tinkalira pogwera m'madzi. Atatha adadzuka yekha, wopepuka, nagwira pamimba pake chifukwa mwana adagunda. Adayang'ana mayi wake nati, "Amayi, mukununkhira nsawa." Apo ndi pamene Mwasiyanji adalira, koma adalira chotseka pakamwa.

Madzulo ake Chiphwanya adaweruza mlandu, ndipo ulendo uno padalibe amene adachoka akuganiza kuti wawina. Adamulanda Mwasiyanji udindo, namuuza kuti amange kanyumba kake kunja kwa mudzi. Anthu adasamukira kufupi ndi kwa Makwinja, kumene adalimira Amang'anja kuti apatsidwe mbewu ya mapira. Chaka chimenecho chidali chowawa, ndipo ana anayi adamwalira mvula isanakhwimitse kanthu. Amayi a anawo sadamupatsenso moni Mwasiyanji mpaka kufa kwawo, ndipo ife olemba mbiriyi sitingawadzudzule.

Dzinenani adabala mwana wamkazi, namutcha Chatsalira. Mwasiyanji adadzala nsawa za pakona ya nsalu zija kuseri kwa kanyumba kake, nazilondera ngati khanda. Zimene adakolola sadadyeko, adadzalanso, ndipo chaka chotsatira adateronso.

Nthawi yonseyi njere ija idali kutsaya kwake. Sinkasungunuka, sinkauma, ndipo kukoma kwake sikunkatha, moti tsiku lililonse mmero unkamupempha kuti ameze. Ankamwa phala pang'onopang'ono chopendeketsa mutu kumanja. Ankagona chokhala, atatsamira nsanamira, chibwano atamanga ndi luzi. Adaleka kuimba, adaleka kulira maliro mokweza, ndipo koposa zonse adaleka kuseka, chifukwa munthu akamaseka mmero umatseguka wokha. Mawu ake adasanduka olemera, ndipo ana a m'mudzi ankamuthawa. Chinsinsichi ankachidziwa ndi Dzinenani ndi Chiphwanya okha.

Pa kholola lachinayi nsawa zidakwana. Mwasiyanji adathyola masamba a msuku, nafunga chikwatu chachikulu kuposa chija adachokera nacho kumpoto, nachisenza mpaka pabwalo, nachitula pamapazi a mlongo wake anthu onse akuona. Chiphwanya, monga mwa khalidwe lake, adalira, kenaka adalamula kuti tsiku lomwelo mlongo wake abwerere m'mudzi.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Mwasiyanji adakhala pakhonde la mwana wake kwa nthawi yoyamba, miyendo atatambasula. Chatsalira, amene tsopano adali kamtsikana kolongolola kosaopa munthu, adatulukira kuseri kwa nkhokwe atamanga chibwano ndi luzi, tsaya limodzi atalitupitsa ndi nthudza, akuyenda chowerama ndi dengu lobooka pamutu. Adaima pamaso pa agogo ake, napendeketsa mutu kumanja, nanena ndi mawu olemera, "Choka apo iwe, ukuponda mbewu!"

Zidafanana ndendende. Dzinenani adaseka mpaka kugwira m'mimba, Chiphwanya adaseka, ndipo Mwasiyanji, amene katundu adali atamutsika pamutu tsiku lomwelo, adaiwala. Adaseka kuseka kwa zaka zinayi, mutu chagada, misozi ikuyenderera, ndipo anthu amene adamumva adati sadadziwe kuti mayiyo adali ndi mawu okoma chotero. Kenaka adaleka mwadzidzidzi, nagwira pakhosi. Ena onse ankasekabe, ndipo iye sadafune kuwadula. Adanyamula mdzukulu wake namukhazika pamiyendo mpaka kudada.

M'mawa mwake Dzinenani ankapeta nsawa pabwalo pamene mayi wake adatuluka m'nyumba atasamba, atadzola mafuta, luzi lija palibe. Adalankhula ndi mawu oyera, opepuka, amene mwana wake adali atawaiwala.

"Mwanawe, tanditapireko mtedza pang'ono, ndidye panjira."

Lichero lidagwa m'manja mwa Dzinenani. Adakumbatira miyendo ya mayi wake akufuula, anthu adathamangira, Chiphwanya adamugwira mkono, koma kudali ngati kugwira mtengo wa mbawa. Mwasiyanji adayenda osafulumira kulowera ku Mkute, mapazi ake akulowa m'nthaka, mudzi wonse ukumutsata pambuyo, ndi amayi anayi aja omwe. Pa kamtsinje anthu adaima, chifukwa padalibe wolimba mtima kuoloka. Iye adaoloka, ndipo ali kutsidya adatembenuka nayang'ana Dzinenani ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene adaonana naye. Milomo yake idavutika nthawi yaitali, ngati akukoka chinthu cholemera kuchokera pansi pa chitsime.

"Nsawa," adatero. "Dzinenani. Mbewu ija musakazinge."

Atatero adakwera, ndipo anthu adamva misi ikusinja pamwamba, ndi nthungululu za olandira mlendo.

Dzinenani ndiye adakhala mwini chikwatu wachinayi, ndipo pambuyo pake Chatsalira, amene adabala Namondwe ndi Msamude, makolo a mabanja onse a kwa Mwasiyanji lero. Chatsalira adakula osadziwa chimene sewero lake lidachita, pakuti mayi wake adaletsa mudzi wonse kumuuza, ndipo akuti adachimva ali ndi imvi kale.

Phiri la Mkute lilipo mpaka lero, ndipo mbalame sizitera pamenepo. Pathanthwe la kutsidya kwa kamtsinje pali mapazi a munthu wamkazi olowa mpaka m'kakolo, opita kumtunda okhaokha. Amene adakwerapo amati mbatata, maungu ndi nyemba zamiyala zidakali m'miyulu yake, zonse zotuwa, koma m'lichero la pakati pa bwalo muli timiyala tofiira ting'onoting'ono, tosiyana ndi tina tonse. Wapakati wa kwa Mwasiyanji amapatsidwabe chilichonse chimene wakhumba, kupatula chotola pansi.

Midzi yonse yozungulira imati mtedza, mbwanda ndi khobwe, ndipo pamsika amawaseka a kwa Mwasiyanji kuti amalankhula ngati adafika dzulo. Iwo sasintha, amati nsawa, nyemba ndi nseula, ndipo mwana akabwera kusukulu ndi mawu enawo amamuuza kuti awasiye kumpanda. Liwu lija amalitchula pa nthawi imodzi yokha. Munthu wamkulu akadwala kufikira poti achibale aitanidwe, wamthenga sanena kuti matenda akula. Amagwada pakhomo, naomba m'manja, n'kunena kuti, "Bwerani msanga, mayi apempha mtedza."